Pulagi ya Mano Awiri

Kabwata, Lusaka
14 Ogasiti 1978

Wilbroad mlongo wanga,

Moni. Ife kuno tadzuka, kaya iwe ku Canada komwe ukuti madzi amauma m'mpopi. Ndine Perpetua, ngati unaiwala dzanja langa, poti makalata ako amabwera ngati mvula ya mu Juni.

Katundu wako wafika. Ba Kampamba, bambo aja unawapatsira kumeneko, anabwera naye okha pa galimoto kuchokera ku Woodlands, ndipo ana a mu layini yathu yonse anaunjikana pakhomo ngati kwafika shuga. Tapezamo makina a tepi, maikolofoni, matepi, wotchi ya magetsi, ndi chitsulo chakuda chija ukuti thiransifoma, cholemera ngati mphero.

Poyamba ndinapsa mtima. Pulagi ya makina ako ili ndi mano awiri opyapyala ngati a mbewa, pomwe soketi yathu imafuna mano atatu onenepa. Ndinayesa uku, ndinayesa uko, osalowa. Ndinatenga sizasi yanga yosokera kuti ndidule mutuwo, ndilowetse mawaya ndi timitengo ta machesi monga timachitira ndi ayironi. Amayi ndiwo anandigwira mkono, amvekere, "Iwe Pepe, mtima wapachalawo. Werenga kaye kalata ya mwana." Ndiye ndawerenga: magetsi a kumeneko ndi 110, a kuno ndi 220, makina alowe mu thiransifoma, thiransifoma ilowe kukhoma. Ndatsatira, ndipo palibe chapsa. Sukulu sindinapite nayo patali, kulemba ndinadziphunzitsa ndekha ndi buku la nyimbo, koma malangizo ndimamva.

Za Amayi sindikubisira. Miyendo yatupa, nsapato sizikulowa, ndipo akachoka pa bedi kufika pakhomo amapuma ngati akwera phiri. Kuchipatala akuti ndi mtima. Koma atamva kuti makinawa atenga mawu awo n'kupita nawo kwa iwe, anamanga duku la Chigwirizano cha amayi a mpingo n'kukhala tsonga ngati ukuwaona. Tepi ndi imeneyo ndatumiza. Ndinaimvetsera ndisanaikulunge, mawu ali momwe alili mwini wake. Umve wekha, usadzati Perpetua amakuza nkhani.

Wotchi yako njaulesi. Ndikaitchera ndi wailesi m'mawa, pofika masana yatsalira kutali. Anakugulitsa yakufa.

Sopo kulibe, mafuta ophikira timalawirira pamzere. Lemba msanga.

Mlongo wako,
Perpetua Daka

Saskatoon, Canada
10 Seputembala 1978

Okondedwa Asisi,

Ndakondwa kulandira kalata yanu pamodzi ndi tepi. Ine ndili bwino, maphunziro a zanthaka akuyenda, kungoti mphepo yayamba kale kuluma makutu.

Makinawa ndinagula awiri ofanana, ena anu ena anga, kuti Amayi, poti sawerenga, azindimva okha popanda wina kuwawerengera n'kumathiramo tsabola wake. Musakwiye, ndikuseka chabe.

Asisi, tepi yanu nditaiika misozi inatsika yokha. Amayi akulankhula ngati mtsikana! Mawu okwera, achangu, ngati kale lija ankatiitana kuchokera ku dimba ku Katete. Akuti, "Ndili bwino mwana wanga, phunzira, usadere nkhawa za ine." Pakati pa mawuwo akusekanso kangapo. Ndiye za miyendozo musandiopseze kwambiri. Munthu amene mtima wamufooketsa salankhula chonchi.

Wotchi mwina inagwedezeka m'ndege. Chachikulu ndi ichi: musalole munthu aliyense kulowetsa makina kukhoma popanda thiransifoma, ngakhale atabwera ndi adaputa yogula ku Kamwala. Adaputa imangosintha mano, mphamvu ya magetsi imaisiya momwemo, ndipo makina angapse nthawi yomweyo.

Tikiti yobwerera kunyumba pa tchuthi boma limapereka imodzi yokha pa maphunziro onse. Ndikuganiza zoisunga mpaka chaka chamawa nditalemba mayeso aakulu.

Ndatumiza tepi yanga. Amayi akhale pafupi ndi makina.

Wanu,
Wilbroad

Kabwata
29 Okutobala 1978

Wilbroad,

Moni ndikupatsa chifukwa ndi mwambo.

Tepi yako tinaimvetsera Lamlungu titachoka ku tchalitchi. Ndinaitana Amalume Abson kuchokera ku Chelstone, ndi amayi awiri a Chigwirizano, kuti adzamve mwana wathu wa ku Canada. Ndinathira tiyi ndi shuga wanga womaliza. Makina ayamba kuzungulira, tonse makutu tcheru. Basi: "Mooni Aamaayi." Mawu okoka, olemera, lilime likuchita kukwawa.

Wilbroad, unaledzera. Usandiuze zina. Ine ndinakula ndikumva mawu amenewo Atate akamachokera ku kachasu, iwe uli kamwana kobisala kumbuyo kwanga. Ngakhale kukhosi kwake ndi kwa Atate kwenikweni. Amalume anayang'ana pansi. Mayi mmodzi anati, "Kapena ndi chimfine." Ine ndinati, "Chimfine cha m'botolo." Amayi anandifunsa, "Pepe, ndi mwana wanga uyu?" Ndinati, "Ndi wanu, ndipo wamwa." Ukundidziwa, sindipsatira mawu.

Iwe wa kwaya ya ku tchalitchi cha Reformed! Iwe amene unalumbira pa manda a Atate kuti sudzalawa! Ngati wayamba, uzimwa uli wekha kumeneko, osati kujambula n'kutumizira mayi wodwala.

Ukuti akuseka ngati mtsikana. Kodi tepiyo unaimvetsera botolo lili m'manja? Amayi tsopano amagona chokhala, mapilo kumsana, chifukwa akagona chagada amabanika. Tenga tikiti ija ubwere pa Khirisimasi. Sindikupempha, ndikukuuza.

Kuno ndege za ku Rhodesia zaponya mabomba kunja kwa tauni, ndipo anyamata a chipani akuyenda m'malayini kuti kukada tizizimitsa magetsi. Ndege sizindiopsa ine. Chimandiopsa ndi kupuma kwa Amayi mumdimamo.

Perpetua

Saskatoon
20 Novembala 1978

Asisi,

Moni kwa Amayi ndi Amalume. Kalata yanu ndaiwerenga, ndipo ndikuyankha lero lomwe.

Mowa sindinaulawepo chibadwire. Tepi ija ndinajambula Loweruka m'mawa nditamwa tiyi, ndipo ndinaimvetsera ndisanaiike mu envulopu. Munalibe cholakwika. Mwandichititsa manyazi pamaso pa Amalume ndi amayi a mpingo pa chinthu chomwe sindinachite. Inu mumati kusapsatira mawu ndiye choonadi. Nthawi zina ndi nkhanza chabe.

Mukukumbukira ndili ku sukulu ya zaulimi ku Monze? Munatumiza uthenga kuti Amayi ali kayakaya. Ndinasiya mayeso n'kukwera sitima, ndipo ndinawapeza akupalira chimanga kuseri kwa nyumba, malungo atatha kale. Chaka chimenecho ndinabwereza. Tsopano mwaona kuti za miyendo sizinandisunthe, mwapeza za mowa kuti Amayi alire, ine ndithamange. Mawu a Amayi eni ake ndili nawo pano pa tebulo. Ndikhulupirire ndani, iwo kapena inu?

Pa Khirisimasi sindibwera. Mayeso ali mu Epulo, ndidzabwera mu Juni ndi satifiketi m'manja monga iwo akufunira.

Ndatumiza tepi ina. Ndaimbamo nyimbo ija Amayi amaikonda pa tsiku la zokolola, mavesi onse, osaphonya liwu. Woledzera angathe zimenezo? Muwaikire Amayi okha, inu mutuluke panja.

Wilbroad

Kabwata
17 Disembala 1978

Wilbroad,

Ndachita monga unalamula. Ndinaika tepi, ndinatuluka, ndinakhala pa sitepe. Koma makoma a nyumba za ku Kabwata ukuwadziwa, samasunga chinsinsi. Nyimbo yachikondwerero unaikoka ngati ya maliro, ndendende mmene Atate ankaimbira akudzandira m'njira. Isanathe n'komwe, Amayi anagogoda khoma ndi ndodo kuti ndidzazimitse. Ndinawapeza atatembenukira kukhoma.

Anati, "Pepe, usamuitanenso." Ndiye sindikuitananso.

Za ku Monze, inde, anachira. Ukanakonda asachire kuti ulendo wako usapite pachabe?

Kalata ino ndi yomaliza. Khala ndi tikiti yako.

Perpetua

Saskatoon
11 Febuluwale 1979

Okondedwa Asisi,

Chaka chabwino, ngakhale mochedwa. Khadi ya Khirisimasi munailandira? Mwangoti zii.

Tinalankhulana moipa, ndipo mbali yanga ndapepesa. Amayi atanena kuti musandiitanenso, ine ndinamva kuti akugwirizana nane zoti ndimalize kaye sukulu, paja ndiwo anati phunzira. Za nyimbo ija sindikumvetsabe, tidzakambirana maso ndi maso, mudzandinunkhize m'kamwa ngati mufuna. Ndikudziwa kuti kukanakhala zovuta mukanalemba, poti inu nkhani simugona nayo. Ndiye chete wanuyu ndikumutenga ngati uthenga wabwino.

Kuno chipale chafika m'mawondo. M'mawa uliwonse ndikamavala majasi ndimaika tepi ya Amayi, ndipo akati "phunzira" n'kuseka, ndimatuluka ndili ndi mphamvu. Ndawagulira juzi yaubweya ndi nsapato zofewa za saizi yawo. Juni sali patali.

Chonde jambulani tepi ina. Ngakhale inu mutukwanemo, ndilandira.

Wanu,
Wilbroad

Chelstone, Lusaka
19 Malichi 1979

Mphwanga Wilbroad,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Ndine malume ako, Abson Mvula. Ndalemba ine chifukwa mlongo wako wakana kugwira cholembera.

Limba mtima. Mayi ako, mlongo wanga, anatisiya Lachiwiri pa 6 Malichi m'nyumba ku Kabwata, ndipo tinawaika Lachisanu ku manda a Leopards Hill. Mpingo unabwera wonse, amayi a Chigwirizano anawaperekeza ndi ulemu woyenera.

Telegalamu sitinatumize. Usaipidwe ndi Perpetua pa chimenechi, linali lamulo la mwini wake. Mu Disembala anandiitana nati, "Alongo, ndinasamala woledzera mmodzi mpaka kumuika m'manda. Wachiwiri sindifuna kumuona ndi maso. Ndimukumbukire ali wa kwaya. Asabwere pa matenda, asabwerenso pa maliro kudzadzandira pamaso pa mpingo." Ndinayesa kuwadandaulira, anakanitsitsa. Koma sanakutaye. Tsiku ndi tsiku ankapempha Mulungu kuti akulande botolo, ndipo dzina lomaliza kutuluka pakamwa pawo linali lako.

Ine sindikuweruza. Kutali n'kutali, ndipo kuzizira kwagwetsa ambiri. Koma leka, mphwanga. Uwachitire chimenechi ngakhale apita.

Emmy, mwana wa ba Chibesa a ku mpingo kwathu, akubwera kumeneko kudzaphunzira unamwino. Perpetua wamupatsira wotchi ija ndi tepi yako yoyamba, akuti sakufuna kuziona m'nyumba. Tepi yachiwiri, ya nyimbo, sitinaipeze.

Ambuye akutonthoze.

Malume ako,
A. Mvula

Saskatoon
29 Epulo 1979

Asisi,

Sindikudziwa moni woyenera. Kalata ya Amalume ndinailandira. Mayeso ndinalemba, sindikumbukira zomwe ndinalemba.

Werengani kalata ino mpaka pamapeto musanaing'ambe.

Emmy anafika ndi phukusi. Wotchi ndinangoilowetsa kukhoma, sindikudziwa chifukwa chake, mwina kuti m'chipinda mukhale chinthu choyenda. Mlungu unatha, wotchi ikuyenda limodzi ndi ya pa wailesi, osatsalira. Wotchi yomweyo munkati njaulesi. Ndinainyamula kupita nayo ku sitolo komwe ndinaigula, ndinafunsa kuti zimatheka bwanji wotchi kukhala yaulesi ku Lusaka, yakhama kuno. Wogulitsayo sanadabwe n'komwe. Anati magetsi ali ndi zinthu ziwiri, mphamvu yake ndi kugunda kwake, ngati mtima. A kuno amagunda ka 60 pa sekondi, a kwathu ka 50. Thiransifoma imachepetsa mphamvu yokha, kugundako siikhudza. Ndipo kainjini ka wotchi kamayendera kugunda kumeneko. Ndinafunsa, nanga makina a tepi aja ndinagula awiri? Anati chimodzimodzi, akanadziwa kuti ena akupita kunja akanandiuza. Anandifunsa ngati ndikufuna mpando.

Asisi, makina anu ku Kabwata amazungulira pang'onopang'ono. Tepi yanga, yojambulidwa kuno mwachangu, kwanuko inkakokeka, mawu n'kulemera. Ndiye munamva woledzera. Tepi ya Amayi, yojambulidwa kwanuko pang'onopang'ono, kuno inkathamanga, mawu n'kukwera. Ndiye ndinamva mtsikana. Aliyense akamvetsera yake pa makina ake inkamveka bwino. Palibe ananama.

Nditabwerera ndinaika tepi ya Amayi, n'kugwira chozungulira chija ndi chala kuti chichepetse liwiro. Sizimveka bwino, mawu amagwedezeka, koma ndinawamva. Ndi nkhalamba yotopa. Liwu lililonse akulinyamula ngati mtolo wa nkhuni. "Ndili bwino mwana wanga" akumunena m'zidutswa. Ndipo kuseka kuja, Asisi, kuseka kuja ndinkavalira majasi m'mawa uliwonse, si kuseka. Akubanika. Akufunafuna mpweya. Chakumbuyo mukumveka inu mukuti, "Pumani kaye Amayi."

Zinali m'manja mwanga kuyambira Seputembala. Ndinakulemberani zambiri za mano a pulagi ndi 110, ndinkadziona wochenjera. Za wotchi munandiuza m'kalata yoyamba yomwe.

Chala chatupa, koma sinditha kuleka. Ndikachichotsa amayambanso kuseka.

Ndinali ndisanamwepo. Mpaka lero sindinamwe. Ndiuzeni ngati ndibwere mu Juni.

Wilbroad

Kabwata
3 Juni 1979

Wilbroad mlongo wanga,

Moni. Kalata yako sindinaing'ambe. Ndinaiwerenga ndili chiimire, kenako ndinati awa ndi mabodza a anthu ophunzira, munthu akagwidwa amanamizira magetsi. Ine za kugunda kwa magetsi sindiziona ndi maso. Ndinafuna kumva ndi makutu anga.

Tepi ya nyimbo inapezeka. Titagawa zovala, ndinaipeza m'chikwama cha yunifolomu yawo ya Chigwirizano, yokulungidwa mu duku loyera. Sanafune kuimva, koma sanafune kuitaya. Ndinakwera nayo basi mpaka ku Woodlands, poti Ba Kampamba ali ndi makina awo ogula konkuno, a magetsi athu. Ndinawapeza akutsuka galimoto. Ndinati, "Ba Kampamba, ndiikireni iyi." Iwo amvekere moni wawo wa Chibemba, "Shani mayo, mwabwera ndi nyimbo za rumba?" Ndinati, "Ikani chabe."

Unali iwe. Mawu ako a kwaya aja, oyera, osadzandira pena paliponse, mavesi onse. Pomaliza ukuti, "Amayi, mwamva? Ndine Wilbroad wanu yemwe uja." Pamenepo Amayi sanafikepo, anali atagogoda kale khoma. Ba Kampamba anati, "Mwaice uyu amaimba," ndiye kuti mnyamatayu, kenako anandiyang'ana n'kukaitana akazi awo kuti andipatse madzi.

Ukuti palibe ananama. Chabwino. Koma amene anayankha funso la Amayi ndine. Anafunsa ngati uli mwana wawo, ine ndinati wamwa. Mayi uja anati chimfine, ndipo Amayi akanagwira chimfinecho ndi manja awiri ndikanangotseka pakamwa. Ndinanena zomwe ndinamva, ndipo nditabwerera tsiku lija ndi makutu omwewa ndikananenanso. Chimenecho ndicho chikundidya. Amalume ndawauza, analira ngati mwana. Amayi a Chigwirizano ndawauza mmodzimmodzi pakhomo pake, dzina lako layera mu mpingo monse. Watsala munthu mmodzi, ndipo ndiye ankafunika.

Dzulo ndinapita ku Leopards Hill. Udzu wayamba kale kumera. Ndinanyamula tepi m'chikwama, ndipo ndili m'basi ndinkachita kukonza m'mutu kuti ndikapempha makina a Ba Kampamba, ndikawaikira amve mpaka pomaliza paja ukudzitchula dzina. Ndinafika, ndinaima, ndinayang'ana uku ndi uku ngati chitsiru. Kumanda kulibe soketi.

Ndiye ndinangowauza pakamwa. Ndinati, "Amayi, mwana wanu samwa. Anali magetsi." Ndinabwereza mokweza mpaka okumba manda chapatali anaimika mafosholo. Mayi anga amene ankandiyankha ngakhale ndili kuseri kwa nyumba, zii.

Ukufunsa ngati ubwere. Lamulo lawo linali la woledzera, iwe silikukhudza. Bwera. Nsapato zija usanyamule, sizikanawalowa kuyambira kale. Unyamule tepi yawo. Makina ako akadali pano, thiransifoma ili kukhoma monga unalangiza, palibe wakhudza. Ndi pano pokha pamene adzalankhule ndi mawu awo enieni, ndipo chala chako chidzapuma. Udzakhale pampando wawo umve yonse. Ine ndidzatuluka panja.

Mlongo wako,
Perpetua